Taffy ikakana kukoka: zomwe zalakwika m'poto ndi momwe mungaipulumutsire

Taffy ndi switi yotamuka ya ku America. Amawiritsa shuga, kumusiya apoleko, kenako n'kumamukoka ndi manja mpaka atayera. Inatchuka m'zaka za m'ma 1880 ku Atlantic City, tauni ya m'mbali mwa nyanja ku New Jersey, ndipo kale mabanja a ku America ankachita kuitanizana kuti adzakokere limodzi. Makolo ndi aphunzitsi a masiku ano amaikonda pa chifukwa china. M'poto imodzi ya shuga mwana amaona ndi maso ake zinthu zomwe kusukulu amangozikopera pa bolodi: kusungunuka, kuwira, nthunzi, ndi mmene chinthu chamadzimadzi chimasandukira cholimba.

Koma switi imeneyi ndi yamakani. Lero ituluka yonanda yosagwirika, mawa ilimba yofuna kuthyola dzino, mkuja ingonyenyeka. Wophika amayamba kukayikira shuga, poto, mwina ana amene amamusokoneza. Chonsecho pafupifupi mavuto onsewa amachokera pa zinthu ziwiri zokha: madzi amene anatsala mu shuga pa nthawi yophula, ndi timibulu ta shuga timene tinayamba kumera mkati. Mukadziwa kuti mwa ziwirizi chakugwetsani n'chiti, switi yambiri imene anthu amataya imabwerera pamoto n'kukhala bwinobwino.

Muyeso umene ndikunena m'nkhani ino ndi uwu: makapu 2 a shuga, omwe ndi pafupifupi magalamu 400, theka la kapu ya madzi, masupuni aakulu 2 a viniga woyera kapena madzi a mandimu, supuni yaikulu imodzi ya majarini, ndi kamchere kotsina ndi zala. Mukapeza glucose wamadzi uja amagulitsa m'masitolo a zophikira makeke, kapena golden syrup, thirani theka la kapu mpaka kapu imodzi ndipo viniga musiyeni. Maphikidwe a ku America amatchula corn syrup. Ameneyu ndi manyuchi opangidwa kufakitale, ndipo ufa wa nsima sungalowe m'malo mwake.

Moto ndi wa akulu

Izi zisanayambe n'komwe, gawanani ntchito. Manyuchi a taffy amatentha kupitirira madigiri 120 a Celsius, kuposa madzi owira, ndipo akagwera pakhungu satsetsereka, amamatirira n'kumapitiriza kuwotcha. Ana ayeze shuga, apake mafuta m'thireyi, atunge madzi ozizira, alembe zomwe akuona, akoke switi ikapola. Kuyandikira poto ayi. Ngati mukuphikira pa mbaula ya pansi, wokwawa akhale kumsana kwa munthu wina kapena m'nyumba. Wina akapsa, ikani malo opsawo m'madzi ozizira oyenda kwa mphindi 20, ndipo musapakepo mankhwala otsukira mano, dzira kapena mafuta. Bala likakhala lalikulu, kapena lili kumaso kapena m'manja mwa mwana, pitani naye kuchipatala.

Yanandira, sikugwirika

Mwathira m'thireyi, mwadikira, koma m'malo molimba ikungoyenderera, ndipo mukaigwira imakakamira m'zala osachoka. Munaphula msanga. Madzi anali akadali ambiri.

Apa ndi pamene pali phunziro lenileni, choncho tikhalepo pang'ono. Madzi okha akafika powira sapitirira kutentha, kaya musonkhezere moto chotani. Koma madzi osakaniza ndi shuga amachita zina: nthunzi ikamachoka, shuga amachuluka poyerekeza ndi madzi otsala, ndipo manyuchiwo amafuna kutentha kokulirapo kuti apitirize kuwira. Ndiye kuti kutentha kwa manyuchi kumatiuza kuchuluka kwa madzi amene atsala. Pa madigiri 112 mpaka 116, shuga amakhala pafupifupi magawo 85 pa 100. Pa 121 mpaka 130 wafika cha m'ma 92. Pa 149 mpaka 154 madzi atsala pang'ono kutheratu, shuga ali pa 99. Taffy yofewa bwino imafuna gawo lapakatilo, ndipo 125 ndi poyambira pabwino.

Ambiri tilibe thermometer ya kukhitchini, ndipo ya kuchipatala ija musaiyese n'komwe, imalekezera cha m'ma 42 ndipo iwonongeka. Kapu ya madzi ozizira imagwira ntchito yomweyo. Chotsani poto pamoto, donthezani manyuchi pang'ono ndi supuni m'madzimo, dikirani pang'ono, kenako pisani zala. Akangosungunuka kapena kumwazika, nthawi ikadalipo. Akaumbika kampira kofewa komwe kamaphwatalala mukakatulutsa m'madzi, mwayandikira koma simunafike, ndipo apa ndi pomwe anthu ambiri amaphula chifukwa cha mantha kuti apserera. Dikirani mpaka kampirako kakhale kolimba, kosasintha mukakaika pa mbale, koma kololera mukakafinya ndi zala. Ndi pomwepo. Madzi a m'kapu muzisintha nthawi iliyonse, chifukwa akafunda amanamiza: kampira kabwino kamaoneka kofewa.

Mukakhala ndi makapu angapo, musataye zoyesazo. Ana aziika pa mbale motsatana, choyamba, chachiwiri, mpaka chomaliza. Pomaliza amakhala ndi mzere wa shuga yemweyo wa m'poto yomweyo, kuyambira wamadzimadzi mpaka wolimba, ndipo chosiyanitsa ndi madzi okha. Palibe chojambula cha m'buku chimene chingafotokoze bwino kuposa mbale imeneyo.

Yonandayo ibwezereni m'poto, thirani masupuni awiri kapena atatu a madzi kuti isapserere poyamba, isungunuke pa moto wochepa, kenako iwirenso mpaka kampira kalimbe.

Pali chifukwa china chimene chimanandiritsa switi ngakhale mwaphula pa nthawi yake: viniga kapena mandimu wachuluka, kapena manyuchi anakhalitsa pa moto wofooka. Zowawasa zimaswa shuga wathu wa nzimbe kukhala mitundu iwiri, glucose ndi fructose. Pang'ono pokha n'zofunika, monga tionere kutsogoloku. Koma fructose amakoka chinyezi kwambiri, ndipo akachuluka switi silimba. Uchi nawo uli ndi fructose wambiri, n'chifukwa chake taffy ya uchi wokhawokha imavuta. Ikatero, powiritsanso onjezerani theka la kapu ya shuga ndi madzi pang'ono, koma chowawasa musathirenso.

Yalimba, ikungothyoka

Uku ndi kupitirira. Mukaikoka imaduka, mukaigogoda ndi supuni imasweka. Madzi anachoka ambiri.

Chimapusitsa anthu ndi liwiro la kumapeto. Poyamba manyuchi amatenga nthawi yaitali osasintha, mpaka munthu kuganiza zokatsuka mbale. Koma madzi akachepa, kutentha kumakwera mofulumira kwambiri, ndipo mphindi imodzi kapena ziwiri zimakwana kuti taffy isanduke switi yolimba. Thovu likayamba kukula ndi kuphulika mochedwa, musachokepo. Kumbukiraninso kuti poto yokhuthala imapitiriza kuphika ngakhale mwaiphula, ndiye poyesa m'kapu izikhala pambali, osati pamakala.

Amene muli ndi thermometer ndipo mwatsata nambala ya m'buku ndendende koma switi ikulimbabe, vuto ndi malo amene mukukhala. Manambala a m'mabuku amawerengera munthu wokhala mofanana ndi nyanja yamchere, kumene madzi amawira pa madigiri 100. Mukakwera mamita 300 alionse, madzi amawira msanga ndi digiri pafupifupi imodzi, chifukwa mpweya wopanikiza pamwamba pake wachepa. Lilongwe ali pa mamita pafupifupi 1,050 pamwamba pa nyanja yamchere, choncho madzi kumeneko amawira pakati pa 96 ndi 97. Ku Blantyre n'chimodzimodzi. Ku Dedza, pa mamita pafupifupi 1,600, amawira cha pa 95, ndipo ku Johannesburg cha pa 94. Ku Nsanje kapena ku London kusiyanako n'kosaoneka. Ndiye munthu wa ku Lilongwe akadikira 125, manyuchi ake amakhala atauma ngati a munthu wa kunyanja yamchere amene wafika 128 kapena 129. Kukonza kwake n'kosavuta, ndipo ana akhoza kuwerengera okha: wiritsani madzi okha, onani nambala, chotsani pa 100, ndipo chotsalacho chichotseni pa 125. Madzi akawira pa 96, phulani pa 121. Njira imeneyi imakonzanso thermometer yonama. Poyeza, nsonga yake isagunde pansi pa poto, chifukwa ikatero ikuyeza chitsulo, osati shuga.

Yolimbayo musataye. Iphwanyeni, ibwerere m'poto ndi kota ya kapu ya madzi, isungunuke yonse pa moto wochepa, ndipo ulendo uno phulani msanga. Koma onani kaye nkhope za ana. Nthawi zambiri switi yolimba yoonekera mkati imawasangalatsa ndithu, ndipo palibe cholakwika kuidya chomwecho n'kuyambanso ina.

Nthawi zina kulimbako si kwa moto, koma munachedwa kuyamba kukoka. M'miyezi ya June ndi July switi imazizira msanga, makamaka pa thireyi yachitsulo yoikidwa pasimenti. Ikaniko thireyiyo pamwamba pa poto ya madzi otentha kwa kanthawi, ifewa.

Ikumveka ngati mchenga mkamwa

Ili ndiye vuto lokwiyitsa kwambiri, chifukwa limatha kubwera zonse zikuoneka kuti zayenda. Mukukoka bwinobwino, mwadzidzidzi switi ichita mbuu, iuma, n'kuyamba kunyenyeka m'manja. Kapena m'poto momwemo manyuchi agwirana n'kubwerera kukhala shuga.

Shuga amene timagula ndi timibulu tolongosoka bwino, ndipo amafuna kubwerera momwemo nthawi zonse. Ku mafakitale a ku Nchalo ndi ku Dwangwa ntchito yake ndi imeneyo: amawiritsa madzi a nzimbe mpaka akhuthale, kenako amaikamo dala timibulu tating'onoting'ono kuti shuga wosungunukayo amere pa ito. Ife kukhitchini tikufuna zosiyana ndi zimenezo. Manyuchi athu ali ndi shuga wochuluka kuposa amene madzi otsalawo angasunge akazizira, ndipo kambulu kamodzi kokha kakagweramo, shuga yense amayamba kudziunjika pa iko.

Kambuluko kamachokera kuti? Kawirikawiri m'mbali mwa poto, momwe shuga anamatirira pamene mumatakasa poyamba. Kapena pa mthiko umene munatakasira shuga wouma n'kuuviikanso manyuchi atawira. Kapena munafulumira kukoleza moto shuga asanasungunuke yense.

Choncho yambani ndi moto wochepa, mukutakasa, mpaka mukakweza supuni musaonenso kambulu kalikonse. Akangoyamba kuwira, lekani kutakasa. Izi zimavuta kwa ife ozolowera kuti chili pamoto chimafuna mthiko, koma dzanja ligwireni. Vundikirani poto kwa mphindi ziwiri kapena zitatu kuti nthunzi itsuke m'mbali, kenako vundukulani kuti madzi azituluka. Supuni yoyesera izikhala yotsuka nthawi iliyonse. Pothira m'thireyi, musapale m'poto. Zotsalira m'mbalimo zimaoneka zokoma ndipo mtima umawawa kuzisiya, koma ndi momwe mumabisala timibulu.

Viniga uja ntchito yake ili pano. Glucose ndi fructose amene amapangika chifukwa cha iye amalowerera pakati pa shuga wa nzimbe n'kumamulepheretsa kufola mwadongosolo. Glucose wamadzi ndi golden syrup amachita zomwezo, ndipo kunena zoona amachita bwino kuposa viniga, chifukwa simudalira kuti moto uswe shuga wokwanira ndendende. Majarini nayenso amathandizako. Ana akafuna umboni, phikani theka la muyeso kawiri, kwina ndi viniga, kwina popanda, ndipo zonse muzisunge mpaka mawa lake.

Yamchenga imakonzeka: theka la kapu ya madzi, supuni yaing'ono ya mandimu, moto wochepa mpaka kambulu komaliza kasungunuke, kenako yambiraninso. Kusungunulako musakufupikitse, apo ayi mubwerera pomwe munali.

Yapserera

Fungo lowawa ndi mtundu wakuda. Iyi yokha ndiye ilibe mankhwala, itayeni. Imachitika kwambiri m'sefuliya yopyapyala pa makala oyaka kwambiri, chifukwa pansi pamatentha malo amodzi. Tengani poto yokhuthala, ndipo makala akhale oti agwa kale, ofiira, opanda malawi. Shuga wa bulawuni amabisa kupserera chifukwa mtundu wake ndi woderapo kale, ndiye dalirani mphuno. Amachitanso thovu kwambiri, choncho poto ikhale yaikulu moti manyuchi asafike ngakhale theka.

Sikuyera, kapena ikumata m'manja pokoka

Mukathira m'thireyi yopaka mafuta, m'mphepete ndi momwe mumayamba kupola. Tengani mpeni wopaka mafuta, muzipindira m'mphepetemo pakati, kuti yonse ipole mofanana. Wamkulu ndiye ayambe kuyesa, chifukwa kunja kukhoza kufunda chabe pamene mkati mukadali moto. Mukadina ndi chala n'kutsala kadzenje, ndipo mukutha kuinyamula osaiponya, yakwana. Gawirani ana zidutswa zazing'ono, manja atasamba, atauma, ndipo atapakidwa majarini kapena mafuta ophikira pang'ono. Mafuta akachuluka switi imaterera ndipo mapindo ake sagwirana. Manja onyowa ndiwo amamatitsa.

Kukoka kwake n'kotere: tambasulani mpaka manja atalikirane, pindani nsonga zikumane, potozani pang'ono, kokaninso. Poyamba imakhala yolemera, yoonekera mkati, yofiirira. Kenako imayamba kuchita mizere yonyezimira, n'kumayera pang'onopang'ono mpaka osaonanso mkati. Apa pamabwera funso la mwana:

"Amayi, yayera bwanji pomwe sitinathiremo mkaka?"

"Ukamapinda ukutsekeramo chiyani?"

"Palibe."

"Pakati pa manja akowo palibedi kanthu?"

Ndi mpweya. Kupinda kulikonse kumatsekera timatumba ta mpweya tosaoneka ndi maso, ndipo kuwala kukafika pa timatumbato kumamwazikira mbali zonse m'malo modutsa. Mpweya womwewo ndi umene umafewetsa switi kuti itafunike. Sungani kachidutswa kamodzi kosakoka kuti adzakayerekeze ndi kokoka, pa maonekedwe ndi pa dzino. Kwa ana a sitandade 6 kupita m'tsogolo palinso samu: kupinda kamodzi kumapereka mizere 2, kawiri 4, katatu 8. Afunseni alote kuti kupinda ka 10 kupereka ingati. Ndi 1,024. Ka 20 ndi 1,048,576. Ambiri sakhulupirira mpaka atawerengera okha papepala.

Taffy yosayera nthawi zambiri ndi yoti okoka anatopa msanga. Zimatenga mphindi 10 mpaka 20, ndipo mapewa amamva. Azilandizana, kapena akoke awiriawiri, wina uku wina uku. Ikamalendewera yokha n'kumadontha pokoka, ikadali yotentha kapena ndi yosapsa ija tanena kale.

Zokometsera zimalowa pa nthawi yokokayi, osati pamoto, chifukwa fungo la vanila limathawa ndi nthunzi. Madontho ochepa akwana. Ufa wa malambe wosefa bwino umapereka kuwawasa kokoma, ndipo poti ndi wouma suwonjezera madzi. Chiponde chosalala nachonso chimalowa bwino, supuni imodzi kapena ziwiri, bola pasakhale mwana amene mtedza umamuwenga. Zakumwa zosungunula zija zisiyeni. Mtundu wake umakopa, koma ndi madzi omwe munavutika kuwachotsa aja.

Dzulo inali bwino, lero yasungunuka

Shuga wophika amayamwa chinyezi cha mumpweya. Kuyambira December mpaka March, switi yosiyidwa pa mbale imayamba kuchita thukuta tsiku lisanathe, ndipo masiku a chiperoni ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje amachitanso zomwezo ngakhale ndi nyengo yozizira. Ngati mungasankhe, phikani tsiku louma. Ngati ana atsekera sukulu nthawi ya mvula ndipo sakulola kudikira, phulani mochedwerako ndi digiri imodzi kapena ziwiri, kampira kakhale kolimbirapo. Mu October vuto limakhala kutentha: ku Chikwawa kapena m'mbali mwa nyanja taffy imafewa yokha, ndiye phikani m'mamawa.

Mukamaliza kukoka, ipangeni chingwe chonenepa ngati chala, iduleni ndi sizasi yopaka mafuta, ndipo kulungani chidutswa chilichonse pachokha nthawi yomweyo, m'pepala lophikira makeke kapena m'kapulasitiki koyera. Pepala la m'kope kapena nyuzipepala zimamatirira osachokanso. Zikasiyidwa pamodzi zosakulunga, m'mawa mupeza chibulu chimodzi. Ikani m'botolo lotseka bwino. Mufiriji imalimba, ndipo mukaitulutsa imachita mame, choncho ngati mwaikamo, isiyeni ifunde botolo lisanatsegulidwe.

Ana osakwana zaka 4 musawapatse, ikhoza kuwatsamwa, ndipo ya uchi isafike kwa khanda losakwana chaka. Wa dzino logwedera adziwiretu kuti taffy imazula. Onse atsuke mano akamaliza, poti imakanirira m'mano nthawi yaitali kuposa maswiti ena.

Poto musaikwechese ndi mchenga kapena waya. Dzazanimo madzi, ponyanimo mthiko, supuni ndi sizasi, bwezerani pa makala otsalawo, ndipo shuga yense asungunuka yekha madziwo akawira.